Timatabwa Tomwe Ndinalandira ndi Manja Awiri

Mkuzi ndiwo unayamba kundiuza. Unali m'mawa, ndikusambitsa mwana wanga wamwamuna kuseri kwa nyumba, belu loyamba litalira kale, ndiye pomudzutsa m'madzimo kachingwe kaja ka m'chiuno, kamene amayi anga anamumangira ali ndi mwezi umodzi, kanatsetsereka mpaka kukaima m'mawondo. Kwathu mkuzi wa mwana suvulidwa. Umakhala pomwepo, ndipo ukayamba kuthina mayi amasekerera, amaumasula pang'ono, chifukwa ndiye kuti mwana akukula. Kawiri konse ndinali nditaumasula tili kumudzi. Tsiku limenelo unagwa wokha.

Ndinayang'ana uku ndi uku ngati pali amene waona. Panalibe. Ndinaukweza, ndinamanga mfundo ina kuti ugwire, ndinamupukuta mwanayo, kumubereka, n'kuthamangira belu lachiwiri. Ndikulemba monga zinachitikira. Sindinapite naye kwa munthu aliyense. Ndinangofupikitsa chingwe.

Tinali titatha miyezi inayi pamishonipo. Amuna anga anasankhidwa ndi ansembe kuti aphunzire uphunzitsi zaka ziwiri, ndipo lamulo la pamenepo linali lakuti wokwatira abwere ndi banja lake, akazi nawonso aphunzire zawo kwa masisteri. Tinachoka kwathu ku Kasenengwa titakolola nshawa, ulendo wapansi, ine khanda kumsana mtolo pamutu, iwo atanyamula paphewa mwana wathu woyamba, wamkazi, wa zaka zitatu. Inali nthawi ya nkhondo ija ya Azungu, amuna ambiri a m'mudzi mwathu ali ku usilikali, ena ku Halale, ndipo anzanga potiperekeza ankati ine ndiye wamwayi, wanga akupita kumene ndizimuona ndi maso. Ine sukulu ndinalekera panjira, sukulu ya udzu ya m'mudzi, kumene tinkalemba ndi chala pamchenga. Kuwerenga ndinkatha. Koma ndinachokako ndili ndi njala, ndipo njala imeneyo sindinauzepo munthu.

Mawa lake titafika, akazi atsopano tinaitanidwa mmodzimmodzi kukaonana ndi Asisteri aakulu, amene tonse tinkangoti Amayi. Ine ndinalowa woyamba, chifukwa ndinakhala pafupi ndi chitseko, choncho panalibe woti ndionere. Chipinda chimenecho chinkanunkha sopo ndi mapepala. Pakhoma panali wotchi yaikulu ikugunda yokha, popanda woikhudza, ndipo ndinalephera kuchotsapo maso. Amayiwo anatsegula kabati, natulutsa timatabwa tisanu ndi kamodzi, kalikonse kukula ngati zala ziwiri, kobooledwa, kokhala ndi kachingwe ndi utoto wakewake. Kathabwa kalikonse kanali phunziro limodzi. Polowa m'kalasi umakoleka kathabwa kako pamsomali wa pakhomo, kuti aone kuti wabwera. Anatiyala pachikhatho, natambasula dzanja kwa ine, nati, "Nawa maphunziro athu, mwana wanga."

Inu mukanatani? Kwathu munthu wamkulu akakutambasulira dzanja, sutola ichi n'kusiya icho ngati uli pamsika. Ndinagwada, ndinaomba m'manja, ndinalandira ndi manja awiri. Tonse.

Amayiwo anakweza nsidze. "Tonse?"

"Zikomo, Amayi."

"Muli ndi ana angati?"

"Awiri, Amayi."

Anasuzumira kakhanda kumsana kwanga, kamene masiku amenewo kanali konenepa, khosi losaoneka. "Chabwino," anatero. "Muyese."

Panja ndinakumana ndi mayi wa nyumba yoyandikana ndi yathu, Mnsenga wa mawu aakulu, wa ana atatu, amene anali m'chaka chake chachiwiri. Ataona timatabwa tikulendewera m'khosi mwanga anatula mtsuko pansi kuti aseke bwino.

"Mayi inu, mwakokolola sitolo yonse? Anzanu ali pamzerewa akapeza chiyani?"

Ndinati andipatsa.

"Sanakupatseni, anakuonetsani. Umasankha tiwiri. Titatu ngati ulibe woyamwa. Bwererani mukabweze, chitseko chikadali chotsegula."

"Ndibweze chimene andipatsa m'manja, akulu?"

"Ndiye muzilira ngati ng'ombe ya belu, ife tizidziwa kumene muli."

Chitseko chinalidi chotsegula. Ndikanatha kubwerera, ndipo ndikanena kuti ulemu wokha ndiwo unandiletsa, likhala bodza. Ulemu unandilandiritsa, koma chimene chinandisungitsa ndi njala ija. Ndinatifumbata pachifuwa n'kupita kunyumba.

Ndipo zimene ndinaona chifukwa cha timatabwa timeneto, mpaka lero ndikaziganiza thupi limachita tsemwe. Kathabwa kamtundu wa thambo kanali ka phunziro la dziko, masana dzuwa lili pamutu. Asisteri ena aang'ono anabweretsa mpira waukulu woikidwa pachitsulo, naukankha ndi chala, mpirawo n'kuzungulira, nati ili ndilo dziko, tonse tili pamenepa. Mayi wina anafunsa kuti kwathu ndi pati. Asisteriwo anauimitsa mpirawo naikapo nsonga ya chala, ndipo chala chimodzicho chinaphimba Kasenengwa, Chiparamba, Boma, njira yonse ya ku Mwami, ndi Nyasalande pamwamba pake. Masiku awiri amene tinayenda mpaka mapazi kutupa analibe ngakhale kadontho. Anatisonyeza kumene kunali asilikali athu, kutsidya la madzi ochuluka kuposa mtunda, ndipo ine ndinagwira benchi ndi manja onse, ngati pansi pakuyenda ndithu. Potuluka ndinaponda mosamala.

Kofiira kanali ka uzamba. Kumeneko kunali buku lokhala ndi chithunzi cha mayi, ndipo mimba yake inali ndi timazenera ta mapepala. Ukatsegula kamodzi, mkati muli kena, mpaka unapeza mwana atadzipinda, mutu pansi, manja pachibwano, chingwe chake chikuoneka bwinobwino. Ine ndinali nditabereka kawiri, koma sindinkadziwa mmene ana anga ankagonera m'kati mwanga. Ndinatsegula, kutseka, kutsegulanso, mpaka anzanga anandikoka chitenje kuti nawonso aone. Kunalinso makina osokera, singano yake yothamanga moti diso silingaione, ndi masamu ndi kulemba za kathabwa kakuda, ndi katekisimu ndi nyimbo. Ndinkafuna zonse. Ndinkaopa kuti ndikaphethira, china chindipitirira ndipo sichidzabweranso.

Koma phunziro lililonse linali ndi belu lake, ndipo belu silidziwa kuti mwana ali pabere. Likalira ndinkalowetsa chala m'kamwa mwake, kumuchotsa, iye akulira, ine ndikuti tidzamaliza. Ku uzamba ndi ku makina sankalola makanda, ndiye ndinkamugoneka pamphasa pakhonde la kalasi, ndikumamvera kulira kwake ndi khutu limodzi. Patapita nthawi anachepetsa kulira, ine ndinati wazolowera. Wamkazi uja ndinkamusiya pabwalo pamodzi ndi ana anzake, nditatseka chitseko kuopa nkhuku ndi mbuzi. Kumudzi sindikanaganiza kawiri, chifukwa kumeneko mwana ndi wa aliyense, pali azakhali ake, pali alamu, wina amamuona ndithu. Ndinaiwala kuti pano ndi nyumba zondandalikana za anthu ochokera kosiyanasiyana, aliyense ndi belu lake, ndipo mwana amene sunam'siyire munthu ndi pakamwa, aliyense amayesa ali ndi amake.

Amuna anga ankanyada nane. Ankauza anzawo kuti mkazi wawo watenga onse asanu ndi limodzi, chinthu chimene sichinachitikepo. Ankachoka m'bandakucha n'kubwera dzuwa litapendeka, ana ankawaona atasamba kale, atavala.

Patatha sabata kuchokera tsiku la mkuzi lija, tinali pa phunziro la kathabwa koyera, la zaumoyo, limene ankaphunzitsa Amayi aakulu okha. Anatuma munthu kukatunga madzi ku maenje a kumunsi kwa nyumba zathu, m'mphepete mwa dambo, kumene anakumba dothi la njerwa za tchalitchi. Maenje amenewo anali akuya, madzi ake obiriwira, osauma ngakhale m'chilimwe. Anatenga dontho limodzi, naliika pakagalasi, pansi pa chitsulo chokhala ndi diso loyang'aniramo, natiuza kuti tibwere mmodzimmodzi. Ine ndinatsinzina diso limodzi monga anatiuzira. Poyamba ndinangoona kuwala. Kenako ndinaona mudzi. Tinthu tamoyo piringupiringu, tina tozungulira ngati mikanda, tina ta michira, tina tikugubuduka, kena kakutsegula kukamwa n'kumeza kanzake, tonse totanganidwa, tosadziwa kuti pali munthu akutiyang'ana. Ndinachotsa diso n'kuyang'ana pagalasipo, panali dontho chabe. Ndinabwezanso diso, mudzi uja ulipo. Ndinadzilemba chizindikiro cha mtanda osadziwa. Ndinaganiza kuti Mulungu amene anaumba mpira waukulu uja anakhalanso pansi n'kuumba timeneti, kamodzikamodzi, n'kutipatsa michira. Amayiwo anati tina mwa timeneti tikalowa m'mimba mwa mwana timatsegula m'mimba, mwana n'kuuma ngati tsamba, choncho madzi a mwana aziwiritsidwa. Ndinagwedeza mutu kwambiri kuposa onse.

Ndinabwerera kunyumba masana ndikuyenda ngati ndaledzera, kuti ndikapatse ana phala msanga belu la dziko lisanalire. Dzuwa linali loswa mtengo. Ana a pabwalo anali atabisala pamthunzi wa nkhokwe. Ndinawerenga mitu. Wanga panalibe.

Ndinafunsa, ana anangoyang'anana. Ndinazungulira nyumba, ndinasuzumira kuchimbudzi, ndinaitana, mawu anga akutuluka aang'ono. Ndiye kuseri kwa nyumba yomaliza ndinaona kanjira kolowera kumunsi, kanjira kopyapyala kodutsa m'maudzu ouma, koti munthu wamkulu sangapange. Ndinathamanga, khanda likugunda kumsana, timatabwa tikulira pachifuwa, mpaka ndinatigwira ndi dzanja kuti tikhale chete, chifukwa ndinali nditamuona.

Anali atagona chafufumimba pamphepete pa dzenje lalikulu, mutu ndi mapewa zili m'kati, dzanja limodzi latambasuka pansi ndi kachitini, akuyesa kufikira madzi, chifukwa madziwo anali atatsika. Dothi la pamenepo linali loterera, lotsetsereka. Ndinadziwa kuti ndikafuula adzidzimuka. Ndinameza dzina lake. Ndinayenda chonyang'ama, phazi limodzi, linanso, osapuma, ndikuona timiyendo take tikukwera m'mwamba pamene ankadzikankhira kutsogolo, ndipo nditafika ndinagwa ndi mawondo n'kugwira kakolo wake ndi manja awiri. Ndinamukoka mwamphamvu mpaka anakalika pamimba.

Sanalire msanga. Anandiyang'ana modabwa, pakamwa pali ndere zobiriwira.

"Amama, mwatayitsa madzi anga."

"Ukutani kuno, iwe?"

"Ndimamwa. Kunyumba kumakhala kotseka."

Ndimamwa. Sanati ndamwa. Ndinayang'ana pansi, ndipo m'matope a m'mphepete monsemo munali timapazi take, tina tatsopano, tina touma tong'aluka, tina kumtunda kumene madzi ankafika mwezi wathawo. Anakhala akutsatira madziwo pamene ankatsika, tsiku ndi tsiku, ine ndili m'kalasi kudabwa ndi dziko. Kumtunda belu linalira. Ndinalimva ngati likulira kwa anthu ena.

Mayi Wachinsenga uja anationa tikukwera, ine matope m'mawondo, mwana m'manja. Sanafunse zambiri. Anamasula khanda kumsana kwanga kuti ndipume, nalikhazika pamiyendo pake, ndipo dzanja lake linapita lokha m'chiuno mwa mwanayo, monga amachitira mayi aliyense. Chala chake chinaima pa mfundo.

"Iyi yakuda ndi ya agogo ake. Nanga iyi yatsopano ndi ya yani?"



"Mng'ono wanga, mkuzi amamasula. Safupikitsa." Anatsina khungu la pantchafu ya mwanayo, khungulo linachedwa kubwerera. Nthabwala zake zonse zinamuthera. "Ameneyu amayamwa kangati?"

"Amayamwa."

"Amasiya yekha, kapena mumam'siyitsa?"

Pamenepo ndinalira, ndipo anandileka ndilire. Kenako anati iye maphunziro ake awiri, kusoka ndi nyimbo, onse ndi a masana, m'mawa amangokhala akukangana ndi nkhuku. "Mukanandiuza ndi pakamwa, ndikanamuona mwanayu. Ine ndinkayesa mumapita naye. Munthu wa timatabwa tisanu ndi kamodzi tinkamuopa, tinkati ali ndi nzeru zake."

Amuna anga atabwera madzulo ndinawauza kuti ndikufuna kubweza maphunziro. Nkhope yawo inagwa.

"Amake mwana, anthu adzati chiyani? Mwayenda kale miyezi inayi. Limbikirani mpaka Khirisimasi."

Ndinawagwira dzanja, chinthu chimene sindinkachita pagulu, n'kupita nawo kumaenje dzuwa lisanalowe. Ndinawasonyeza timapazi. Anagwada, anaika chikhatho chawo pambali pa kamodzi. Pobwerera anangoti, "Musunge amene mungathe."

Ndinayala timatabwa pamphasa. Mtima unkafuna kamtundu wa thambo ndi kofiira, ndipo dzanja linapita komweko kawiri. Koma phunziro la dziko linali la masana, nthawi yomwe ija ya ludzu, ndipo ku uzamba khanda limatsala pakhonde. Ndinaona kuti sindingasankhe ndi mtima. Ndinasankha ndi wotchi. A m'mawa, olola mwana kumsana, otalikirana bwino moti pakati pake munthu angayamwitse mpaka mwana akhute, anali awiri okha: koyera ka zaumoyo ndi kakuda ka masamu ndi kulemba. Ndinativalanso m'khosi. Tinayi totsalato tinakhala pamphasa, mwana wanga wamkazi akutiunjika ngati nyumba.

Chinanditsalira ndi kabwezedwe kake. Kukaika patebulo la munthu wamkulu chinthu chimene anakupatsa m'manja, n'kuti tengani zanu, thupi langa linkakana. Ndiye ndinakumbukira kuti chilipo chinthu chimodzi chimene timabweza popanda mwano, ndicho mbale, ndipo mbale sibwerera yopanda kanthu. M'mawa ndinakazinga nshawa zotsiriza za kwathu, ndinaika timatabwa tinayi pansi pa mbale, nshawa pamwamba, n'kuvundikira ndi kansalu. Ndinasiya wamkazi uja m'manja mwa mnansi wanga, ndikumutchula ndi pakamwa, iye nati, "Ndamulandira, pitani, ndipo masana ana anga atatuwa ndi anu, mudzaona zimene ndimaona."

Ndinagwada m'chipinda cha wotchi chija n'kupereka mbale ndi manja awiri. Amayiwo anavundukula, anatola nshawa ziwiri, nadya, akuyamikira. Potolanso chala chawo chinakhudza chingwe. Anachikoka, kofiira kanatuluka, mankhusu akuyoyoka. Anafukula tinzake. Anatiyala patebulo, nayang'ana tiwiri ta m'khosi mwanga.

"Katundu walemera?"

"Katundu ndi wabwino, Amayi. Mutu ndi umodzi."

"Ndinayenera kukufunsani kawiri tsiku lija," anatero. "Tabwerani naye mwanayo."

Ndinamumasula, ndinawasonyeza mfundo yanga ndisanafunsidwe. Anamuyang'ana m'maso, m'kamwa, anamukweza m'manja kumuyesa kulemera, nandiuza zoti ndizithira m'phala lake ndi kuti ndizibwera naye kusikelo sabata iliyonse, mlongo wakenso ndibwere naye lero lomwe amuone m'mimba. Anati maenje aja awatchingira ndi minga. Mpira wa dziko unali pangodya, wina atausiya utatembenukira kumadzi okhaokha. Ndinauyang'ana kamodzi, ndinatuluka.

Kunyumba ndinawiritsa madzi, atazizira ndinathira m'kamtsuko kakang'ono, n'kukaika pakhonde, pamthunzi, pamene mwana wa zaka zitatu angafike, kachitini kake kali pambali nditakatsuka ndi phulusa. Ndinamuitana, ndinamusonyeza, anamwa ndikuona. Kenako ndinatenga singano n'kumasula mfundo yanga ija. Inali yolimba, inandivuta. Mkuzi unabwerera pa utali wake wakale, ukulendewera m'chiuno mwa mwanayo moti zala zanga zitatu zinkalowa, ndipo ndinausiya choncho, kuti m'mawa uliwonse uzindiuza zoona.

Dzuwa litafika pamutu belu la dziko linalira. Miyendo yanga inadzuka yokha, ndinaikhazikanso. Ana anayi anali pamphasa patsogolo panga, ndinawawerenga, wachisanu ali pabere. Belu lachiwiri linalira, ndinamva mapazi a anzanga akuthamangira kukalasi. Chala changa chija chomuchotsera pabere ndinachikhalira. Mwana anayamwa, anapuma, anayamwanso, ndinamutembenuzira bere linalo, ndipo ndinakhala pomwepo mpaka anasiya yekha.